Nikon D3500 ndi darktable: zomwe ndaona itadutsa mvula ndi chilimwe

Kamera iyi sindikuigulitsa. Ndayamba ndi yankho limeneli chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa ngati ndiigulitsa chilembereni maganizo anga oyamba pa Nikon D3500, nditangoigula kwa munthu amene anaigwiritsako ntchito. Nthawi imeneyo ndinanena zinthu ziwiri: kuti ndi yopepuka moti khosi siliwawa ngakhale muikoleke tsiku lonse, komanso kuti batire lake limakhalitsa modabwitsa. Zonsezo zidakali zoona. Koma pamenepo n'kuti isanalawe fumbi la mu Okutobala, isanagone m'nyumba yachinyezi ya mu Febuluwale, ndipo ine n'kuti ndisanachezere usiku ndi mulu wa zithunzi za paukwati, kuzikonza pa laputopu yakale. Tsopano yaona nyengo zonse, ndipo amene mukusunga ndalama za kamera yanu yoyamba ndikuuzeni kuti kamerayo payokha ndi kagawo kochepa ka nkhaniyi. Zithunzi zanga zinasintha nditagula lenzi ina, zinasinthanso nditazolowera pulogalamu imodzi yokonzera zithunzi yotchedwa darktable. Pogawa ndalama zanu muzikumbukira zimenezi.

Kwa amene simukuidziwa, D3500 inatuluka mu 2018. Ndi ya mtundu wa DSLR, ija yokhala ndi kagalasi m'kati kamene kamatukuka mukadina batani. Sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi, ndi ya ma megapixel 24, ndipo chithunzi chake mukhoza kutsukitsa chachikulu, masentimita 50 m'litali, tsitsi lililonse likuonekabe bwinobwino. Pamodzi ndi batire ndi khadi imalemera magalamu 415. Nikon inasiya kuipanga, poti makampani ambiri akuthamangira ku makamera opanda kagalasi aja, choncho zambiri zomwe mungapeze ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zobwera ndi abale ochokera ku Johannesburg kapena ku London.

Ndisanagule ndinkasinkhasinkha makamera atatu: iyi, Canon 2000D ndi Sony a6000. Onse ali ndi ma megapixel 24 pa sensa yofanana pafupifupi kukula, ndiye masana dzuwa lili phwee palibe yoposa inzake kwenikweni. Chinandikoka ndi batire. Pa muyezo wa CIPA, womwe makampani a makamera amayezera, batire la D3500 limajambula zithunzi 1,550 lisanathe, la Canon 2000D limajambula 500, la Sony a6000 silifika 400. Kumene magetsi sazima manambala amenewa ndi ongowerenga papepala. Kuno kwathu ndi nkhani yoti mubwerako ndi zithunzi za chinkhoswe kapena ayi. Ndapitako nayo ku Senga Bay Lachisanu, kujambula asodzi m'mawa, ana pamchenga masana, nyali za mabwato a usipa madzulo, n'kubwerako Lamlungu tchaja isanatuluke m'chikwama. Chinsinsi chake n'chakuti mukamayang'anira pa kawindo kakang'ono ka diso kaja, kamera sidya moto wambiri chifukwa zomwe mukuona zikungobwera ndi magalasi. Mukayamba kujambula mukuyang'ana pa sikirini ngati foni, kapena kutenga vidiyo, batire lomwelo limatha msangamsanga.

Chimodzi chokha mudziwiretu: batire lake, EN-EL14a, silitchajika lili m'kamera kudzera pa USB ngati mmene imachitira Sony ija. Muyenera kulichotsa n'kuliika pa tchaja yake ya pakhoma. Ine ndinagula katchaja kena kotchipa ka USB, ndipo tsopano kumudzi ndimatchaja pa power bank kapena pa sola ya malume. Ngati yanu yachokera ku South Africa, musaiwale kuti pulagi ya kumeneko silowa m'masoketi athu.

Sony ija ndisainyoze. Ili ndi timalo toyang'anira fokasi 179 ndipo imajambula zithunzi 11 pa sekondi, pamene D3500 ili ndi timalo 11 ndi zithunzi 5 pa sekondi. Ngati cholinga chanu ndi mpira wamiyendo kapena wa ntchemberembaye, tengani imeneyo, mugulirenso mabatire awiri apadera. Ine ndimajambula anthu oima, mapiri ndi nyanja, zinthu zosathawa.

Tibwere ku lenzi. Kamera imabwera ndi AF-P 18-55mm, ndipo panja lenzi imeneyi ndi yabwino kuposa mmene anthu amainenera. Imagwira fokasi mwachangu komanso mwakachetechete, ili ndi VR yochepetsa kunjenjemera kwa manja. Vuto limayamba mukalowa m'tchalitchi kapena mu holo. Mukaikokera pa 55mm kuti mufikire nkhope za akwati, khomo lake lolowera kuwala limachepa kufika pa f/5.6 (nambala imeneyi ikamakula, khomolo limachepa). Kamera imakakamizika kukweza ISO, muyezo wa mmene imakulitsira kuwala kochepa, mpaka 6400 kapena kupitirira, timadontho n'kudzaza pankhope, apo ayi imachedwetsa shutter, kachitseko kotseguka kamphindi kuti kuwala kulowe, ndiye wa kwaya akangogwedeza mutu chithunzi chonse mbuu. VR imagwira manja anu okha, siigwira munthu amene akuvina.

Lenzi yomwe inasintha zinthu ndi AF-S DX 35mm f/1.8G. Ndi yakale, ya 2009, yaing'ono, ndipo pa malenzi a Nikon ndi imodzi mwa zotchipa. Pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi inzake ija ikakhala pa 55mm. Tanthauzo lake n'lakuti pamalo pomwe ndinkajambula ndi ISO 6400, tsopano ISO 800 ikukwanira. Ilibe zoom, mukafuna pafupi mumasendera ndi miyendo, ndipo zimenezi zimakuphunzitsani kuganiza poima musanadine. Kumbuyo kwa munthu kumasungunuka bwino, zinyalala ndi mawaya a magetsi osaoneka, chomwe ambiri amafuna akamati mundijambule ngati za mu magazini. Koma chenjerani pa zithunzi za gulu. Pa f/1.8 fokasi imagwira kamzere kochepetsetsa, moti a mzere wakutsogolo amaoneka bwino, ankhoswe oima kumbuyo nkhope zili chimbuuzi. Gulu la mizere iwiri limafuna f/5.6, la mizere itatu f/8. Chinanso, pa timalo 11 tija, kapakati kokha ndi kamene kamagwira modalirika kukakhala kamdima. Ndimaloza kameneko padiso la munthu, kudina batani theka, kenako n'kusuntha kamera kuti chithunzi chikhale mmene ndikufunira. Chiigulireni, lenzi imeneyi imachoka pa kamera mwa apo ndi apo.

Tsopano nkhani yomwe ndemanga zambiri za kunja sizikamba, koma kwa ife ndiye mutu weniweni: khungu lakuda, zovala zoyera, dzuwa la masana.

Kamera iliyonse ili ndi kachipangizo koyeza kuwala, ndipo kamayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati. Sikadziwa kuti ichi ndi chipumi, iyi ndi bulauzi. Imikani amayi a Mvano pabwalo la tchalitchi, mabulauzi ndi maduku oyera mbee, nthawi ili 12 koloko. Kachipangizo kaja kamaona kuyera kochuluka n'kuchepetsa kuwala, ndiye mabulauzi amatuluka bwino, nkhope zili bii, maso okha ndi mano. Mukawonjezera kuwala kuti nkhope zioneke, mabulauzi amapsa, mabatani ndi kolala osaonekanso. Pa amuna ovala masuti akuda zimatembenuka: kamera imawonjezera kuwala yokha, khungu limatuwa, shati yoyera n'kupserera. Mayi wina wachikulire atayang'ana pa sikirini ya kamera yanga anangoti, "Mwana wanga, kunyumba akafuna aone ife, osati malaya." Ananena zoona. Vutoli ndi lakale ndithu. M'zaka za m'ma 1950 malo otsukira zithunzi ankayezera makina awo pa khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley card, ndipo makhadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Masensa a lero ndi abwino kutalitali, komabe chithunzi cha JPEG chomwe kamera imakonza yokha sichitha kusunga mbali zonse ziwiri dzuwa likakhala pa liwombo.

Mankhwala oyamba safuna ndalama: asunthireni anthuwo pamthunzi, pakhonde kapena pansi pa mtengo, kapena dikirani 4 koloko ipitirire. Ngati sizitheka, poti mwambo sudikira wojambula, yatsani kafulashi ka pamwamba pa kamera ngakhale ali masana, kachotse mdima wa pansi pa maso. Ndi kofooka, kamathandiza munthu akakhala pafupi, ndipo shutter siyenera kupitirira 1/200. Mankhwala achiwiri ndi RAW, fayilo yosunga zomwe sensa yaona kamera isanazikonze. JPEG ili ngati diresi losokedwa kale: mukhoza kupinda pang'ono, koma nsalu yomwe telala anadula inapita. RAW ndi nsalu yonse isanadulidwe. Pa D3500 ndimajambula RAW pa ISO 100, ndinayatsa Highlights pa zoonetsa za sikirini kuti malo opsa aziphethira, ndipo ndimachepetsa kuwala pang'ono, 0.3 kapena 0.7, mpaka bulauzi itasiya kuphethira. Pa sikirini nkhope zimaoneka zakuda, ndipo amene mwawajambula sakondwa akasuzumira. Musadandaule. Sensa imeneyi imasunga zambiri mumdima, ndipo pa kompyuta nkhope zija zimadzuka zooneka bwino popanda timadontho. Chopsa ndiye sichibwerera.

Apa ndi pamene pulogalamu imalowera, ndipo apa ndi pamene ndinatha nthawi yambiri kuposa pa kamera yeniyeniyo.

Adobe Lightroom ndinaiyesa pa masiku 7 aulere aja. Ndi yokoma, palibe chobisa. Munthu amaizolowera tsiku lomwelo, ndipo imatha kuzindikira yokha munthu m'chithunzi kuti muwalitse iye yekha. Koma yomaliza yogula kamodzi n'kukhala yanu inali Lightroom 6 ya 2015. Ya lero ndi yolipira mosalekeza, m'madola, ndi khadi la ku banki. Amene munalipo mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mukudziwa chomwe ngongole ya m'madola imachita kwa munthu wolandira makwacha. Wojambula maukwati sabata iliyonse akhoza kuiwerengera pa mtengo wouza makasitomala. Ine amene ndimajambula chifukwa chokonda, ayi. Makope akuba aja amayenda pa mafulashi ndiye musayese n'komwe pa kompyuta yomwe mukusungira zithunzi za banja lanu, chifukwa simudziwa chomwe chabisala m'katimo.

Yachiwiri ndi NX Studio, pulogalamu yaulere ya Nikon yomwe inatuluka mu 2021. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: mukatsegula RAW, mitundu imaoneka chimodzimodzi ngati mmene inaonekera kumbuyo kwa kamera, chifukwa imawerenga Picture Control ndi Active D-Lighting zomwe munatchera. Mumangoyambira pa chithunzi chokongola kale n'kukonza pang'ono. Amene mukungoyamba kumene RAW, yambirani pamenepa. A Canon muli ndi Digital Photo Professional, a Sony muli ndi Imaging Edge, zonse zaulere. Ine ndinachokapo chifukwa ndinkafuna kuwalitsa nkhope payokha, thambo palokha, mochuluka kuposa mmene imalolera, komanso ndinkafuna pulogalamu yosasankha kuti fayiloyi yachokera m'kamera ya kampani iti.

Ndinakhazikika pa darktable. Ndi yaulere kotheratu, imapangidwa ndi anthu odzipereka, inayamba mu 2009 ndipo pa Windows inafika kumapeto kwa 2017. Siifuna akaunti, siifuna intaneti mukangoitsitsa. Koma ndikuchenjezeni, siilandira alendo ndi manja awiri. Tsiku loyamba mudzaona chinthu chokhumudwitsa: pa tsamba losankhira zithunzi, chithunzi chikuoneka chowala, mitundu ili nyezinyezi, mukangochitsegula kuti mukonze, mitundu ija zii, chatuwa. Ambiri amathawira pomwepa poganiza kuti pulogalamu yawononga. Sinawononge. Choyamba chija chinali ka JPEG komwe kamera inabisa m'kati mwa fayilo ya RAW, chachiwirichi ndiye RAW yeniyeni isanakhudzidwe. Kumanja kuli zida zambirimbiri zamayina oopsa, ndipo zingapo zimagwira ntchito yofanana.

Chinandithandiza ndi kusiya zonsezo n'kugwira zochepa, mwa ndondomeko yomweyomweyo pa chithunzi chilichonse. Ndimayamba ndi exposure, kukweza mpaka nkhope ikhale mmene munthuyo amaonekera ndi maso, osalabadira kuti bulauzi yayera mopitirira. Kenako sigmoid imabweza zoyera zija kuti zisapse. Pali inzake yotchedwa filmic rgb, yamphamvu koma yofuna kuiphunzira, ndipo kwa ine sigmoid, yomwe inabwera ndi darktable 4.2 mu Disembala 2022, imapereka khungu looneka lamoyo popanda kulimbana nayo. Chida chachitatu ndi tone equalizer, ndipo chimenechi chokha n'chokwanira kuti munthu apirire darktable. Mumaika kalozera pa tsaya la munthu, n'kupukusa kagudumu ka mbewa, ndipo malo onse a mdima wofanana ndi tsayalo amawala pamene duku likukhala momwe linalili. Chithunzi cha amayi a Mvano chija chinatheka ndi chimenechi. Ndimamaliza ndi color balance rgb kuwonjezera mitundu pang'ono, lens correction kuwongola mizere ya nyumba, ndi denoise kuchotsa timadontho pa zithunzi za m'holo. Chithunzi chimodzi chikakhala bwino, ndimakopera zonse zomwe ndachita n'kuzimata pa zinzake zojambulidwa malo omwewo. Ukwati wonse umatha madzulo amodzi.

Pa mtundu wa khungu pali zinthu ziwiri zomwe maso saona pojambula koma kamera imaona. Pansi pa mtengo wa mango, kuwala kodutsa m'masamba kumapaka kubiriwira pamphumi ndi pamasaya. Pabwalo la dothi lofiira, ngati la ku Lilongwe kuno, dothi limabweza kufiira pansi pa chibwano ndi pakhosi. Mu chida cha darktable chotchedwa color calibration muli kalozera kosankhira chinthu chomwe mukudziwa kuti n'choyera. Ndimaloza pa kolala ya shati kapena pa duku, pambali yomwe sinapse, ndipo kubiriwira kuja kumachoka. Za m'holo n'zovutirapo, chifukwa babu lina ndi lachikasu, lina loyera, pawindo pakulowa kuwala kwa dzuwa. Kumeneko ndimasankha nkhope ya mkwatibwi ikhale yolondola, makoma aone okha. Ndipo ngati zithunzi zojambulidwa motsatizana pansi pa machubu zikutuluka china chobiriwira china chofiirira, si kamera yadwala. Magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo machubuwo amaphethira mofulumira kuposa diso. Ikani shutter pa 1/100 kapena 1/50, zimatha.

Pali pempho lomwe wojambula aliyense kuno amalandira: "Achimwene, mundiyeretseko pang'ono." Ine ndimawalitsa nkhope kuti ioneke, ndimachotsa chiphuphu chomwe chatuluka dzulo, koma mtundu wa khungu sindisintha. Zithunzi zambiri zomwe ndimaona pa Facebook, khungu lasanduka lalanje kapena lasalala ngati la chidole, zimabwera chifukwa chokweza saturation, kutanthauza mphamvu ya mitundu, pa chithunzi chonse ndi kusalaza mopitirira. Mwana wa munthuyo akadzachiona patapita zaka adzafuna kuona mayi ake.

Kompyuta nayo ili ndi mbali yake. Laputopu yanga inali ndi RAM ya 4 GB ndi hard drive yozungulira ija, ndipo darktable inkayenda mokwawa, makamaka denoise ikayatsidwa. Nditaikitsa SSD ndi kukweza RAM kufika pa 8 GB inakhala ina. Ndalama zimenezo ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa kamera, koma zinandibwezera madzulo anga. Sikirini ya laputopu nayonso imanama: nthawi zambiri ndi yowala kwambiri, ndiye chithunzi chomwe chikukongola usiku m'chipinda chimatuluka chakuda mukakatsukitsa. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati, tulutsani zithunzi mu muyezo wa mitundu wotchedwa sRGB, ndipo musanatsukitse mulu wonse yambani ndi ziwiri kapena zitatu muone mmene makina a pamalopo akutulutsira.

GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, ilimo m'kompyuta, koma ndimaitsegula pokhapokha ndikafuna kufufuta chinthu chachikulu kapena kulemba mawu pa chithunzi. Pa foni, Snapseed ya Google ndi yokwanira pa JPEG yofuna kutumiza pompopompo.

Kutumizako kuli ndi nkhani yake. D3500 ilibe Wi-Fi, ili ndi Bluetooth yokha, ndipo pulogalamu yake ya pafoni, SnapBridge, imakoka timakope tating'ono ta ma megapixel 2. Pa status ya WhatsApp n'tokwanira. Ndikafuna chithunzi chonse ndili kutali ndi laputopu, ndimasolola khadi n'kuliika mu ka card reader kolowa pa foni. Fayilo imodzi ya RAW ndi pafupifupi 20 MB, choncho zoti muzisunga zonse pa intaneti ndi bandulo yathuyi iwalani. Ndili ndi hard drive yapadera, ndipo khadi sindilifufuta mpaka zithunzi zitakhala malo awiri. Mudzaonanso timafayilo ta XMP tomwe darktable imaika pambali pa chithunzi chilichonse. Musatifufute poyesa zinyalala, ntchito yanu yonse yokonza ili m'menemo, poti RAW yeniyeniyo pulogalamuyi siikhudza. Potumizira munthu amene akukatsukitsa, tumizani pa WhatsApp ngati document, chifukwa njira yachizolowezi ija imafinya chithunzi. Pa Facebook ndimatulutsa cha mapikiselo 2048 m'litali. Makhadi abodza nawo ali mbwee m'misika: kunja alemba 64 GB, m'kati muli malo ochepa, ndipo mumadziwa tsiku lomwe zithunzi zakana kutseguka. Khadi latsopano liyeseni kaye ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw.

Fumbi. D3500 ilibe kachipangizo kogwedeza sensa kuti fumbi ligwe, komwe makamera ena ali nako, ndipo pofika Okutobala ndinayamba kuona timadontho tozungulira pathambo la zithunzi za mapiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani f/16, jambulani thambo loyera, kulitsani chithunzicho. Mu menyu muli potukulira kagalasi kuti muyeretse. Batire likhale lodzaza, kamera iyang'ane pansi, mupope mpweya ndi kampira kopopera kaja. Musauzire ndi pakamwa, mate amasiya zipsera zoposa fumbilo, ndipo musalowetsemo nsalu. Timene takanirira, chida cha retouch mu darktable chimatifufuta. Kuposa zonsezo, musasinthe lenzi pabwalo la gule kapena m'mbali mwa msewu wafumbi. Ku Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, fumbi limachita kutseka dzuwa magule akalowa m'bwalo, ndipo kumeneko lenzi yomwe mwachoka nayo kunyumba ndi yomweyo mpaka kubwerera. Ndipo poti tatchula gule, kukhala ndi kamera yaikulu si chilolezo. Pitani kaye kwa eni mwambo, mufunse pomwe mungaime ndi zomwe simuyenera kujambula.

Mdani wa m'dzinja ndi nkhungu. Chinyezi chikakhala m'lenzi masabata angapo, m'kati mwa galasi mumamera timizu toyera, ndipo tikakhalitsa timadya utoto wa pagalasi osachokanso. Chikwama cha kamera chotseka, choikidwa mu wadiropu, ndiye malo ake enieni. Yanga imagona m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo nthawi ndi nthawi ndimatiumitsa. Mvula yonse yadutsa, magalasi ali bwino. Kamerayi siinapangidwe yoti inyowe, choncho jumbo isamasowe m'chikwama.

Pali malo omwe zida zangazi zimathera. Ku Liwonde, njovu za m'mbali mwa Shire zimatheka ndi 55mm mukakhala pa boti, koma nkhwazi ili pamwamba pa mtengo imangokhala kadontho. Mbalame zimafuna 300mm, ndipo AF-P DX 70-300mm VR ndi yomwe ndikusungira ndalama panopa, osati kamera ina. Ku Zomba ndi ku Mulanje, m'miyezi ya moto wa tchire, utsi umaphimba mapiri moti palibe lenzi kapena pulogalamu yomwe ingabweze zomwe diso silikuona. Zithunzi za mapiri zimakoma mvula ikangokata, mu Epulo ndi Meyi. Vidiyo ndiye musaigulire kamera iyi: imathera pa 1080p, ilibe pobayira maikolofoni, sikirini yake siitembenuka. Pa zimenezo foni yabwino imaiposa, monganso imaiposera pa chithunzi cha msangamsanga madzulo, chifukwa foni imajambula zithunzi zingapo n'kuziphatikiza yokha. Ngati zithunzi zanu zimathera pa status basi, ndipo simukudziona mutakhala pa kompyuta kukonza, fodya wanu ndi yemwe ali pamphunoyo, sungani ndalama zanu.

Amene mwatsimikiza kugula yogwiritsidwapo kale, pitani ndi khadi lanu ndi laputopu. Jambulani chithunzi chimodzi, muwerenge ndi kapulogalamu ka ExifTool kuti shutter yadinidwa kangati, poti Nikon imalemba nambala imeneyi m'fayilo iliyonse. Makamera a gulu limeneli amawerengeredwa kufika cha pa 100,000, ndiye ya wojambula maukwati yomwe yadutsa 80,000 isagulidwe pa mtengo wa yatsopano. Chotsani lenzi, muunike m'kati mwake ndi tochi ya foni kuti muone ngati mulibe timizu tija. Yesani kafulashi, yesani mabatani onse, funsani ngati batire ndi tchaja ndi zake zenizeni. Ndipo wogulitsa akakuonetsani 50mm f/1.8D yotchipa n'kunena kuti ikwana, kukwana ikwanadi, koma D3500 ilibe mota yoyendetsa fokasi m'thupi mwake, choncho pa lenzi imeneyo muzidzapotokola ndi dzanja chithunzi chilichonse. Pa dzina la lenzi payenera kukhala AF-S kapena AF-P.